Magazi a Mkamwini

Luckson wa kwa Nthache anadzitema mwendo ndi nkhwangwa akudula mtengo wa makala, ndipo pofika kuchipatala zikhatho zake zinali zitayera ngati wagwira ufa. Adokotala anati akufunika magazi tsiku lomwelo, apo ayi mkazi wake Deliwe ayambe kuuza abale. Anamupatsa bedi la pakhoma, Deliwe n'kutuluka kukaphika phala.

Tsoka ilo, masana anabweretsa wodwala chifuwa, ndipo poti mabedi anali atadzaza, anamuyalira pansi. Wodwalayo anali a Timoti, bambo ake a Deliwe.

Tsono ndi mkamwini wanji angagone pamwamba apongozi ake ali pasimenti? Nkhani yotero ikafika kumudzi, ngakhale uchire, kuyenda kwake n'kozyolika. Luckson anatsika chokwawa, a Timoti n'kukwera osafunsa zambiri.

Namwino amene analowa ntchito masanawo anali asanawaonepo onse awiri. Anabwera ndi thumba la magazi komanso kamakina katsopano konga wailesi, koyezera pabedi pomwepo ngati magazi a m'thumba akugwirizana ndi a wodwala.

"Ndinu a Luckson?"

A Timoti, amene makutu anawathawa kalekale, anati "Eya," monga amayankhira funso lililonse.

Luckson pansipo anamva zonse. Anaona thumba la magazi ake likupachikidwa kumutu kwa apongozi ake. Angawauze bwanji akuluakulu kuti tsikani, zimenezo n'zanga? Imfa ankaiopa ndithu, koma manyazi anaposa.

Namwino anabaya chala cha a Timoti, n'kudontheza magazi m'kamakinako, kenako dontho lina la m'thumba. Kanayaka mofiira n'kulira. Anabwereza. Kanaliranso, kopanda ulemu n'komwe.

"Magazi awa si anu!" anakuwa namwino m'khutu mwa a Timoti. "Akanalowa, bwenzi tikunena zina. A Luckson enieni ali kuti?"

Dzanja linatuluka kuseri kwa bedi, pang'onopang'ono.

Namwino anayang'ana dzanjalo, anayang'ana nkhalambayo, n'kupumira m'mwamba. Anagwada pansi pomwepo, n'kubaya chala cha Luckson. Kamakinako kanayaka mobiriwira, kali chete.

A Timoti anatsika okha. Chikwatiwire mwana wawo, anali asanamuyang'anepo mkamwiniyu m'maso, koma tsiku limenelo anamuyang'ana.

"Ulemu wanuwu ukanatipha tonse awiri," anatero. "Deliwe akanayamba kulira ndani? Kwerani."

Luckson anakwera. Magazi atayamba kulowa, anatembenukira kukhoma kuti asaone apongozi ake ali pansi. A Timoti anatenga bulangete lawo n'kumufunditsa mapazi. Kenako anakodola wodwala wa pabedi loyandikana nalo, ndipo poganiza kuti akunong'ona, anauza wodi yonse kuti wopusayu ndi mwana wawo.