Malo a pa Sitolo ya Mbewu

A Goliati anali mesenjala wa boma. Ankapalasa njinga kuchokera ku Balaka mpaka kwa Mposa, kupereka mauthenga kwa mafumu. Chaka chimene nkhondo yaikulu inatha anagwa pa mlatho wamitengo pafupi ndi Nkaya, ndipo kuchipatala anawadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Atachira anabwera ku ofesi akuyendera ndodo, kudzaonana ndi bwana wachizungu. Womasulira anali a Blasius, mkulu wa amesenjala, mnzawo wa mpingo umodzi.

"Muwauze kuti njinga sindingathenso, koma manja ndi maso zilipo," anatero a Goliati. "Andiike ku sitolo ya mbewu ndi makasu. Kulibe munthu, ndipo ntchito yake ndi yokhala pansi. Ndavulalira pa ntchito ya boma."

Malo amenewo a Blasius anali atalonjeza kale mlamu wawo, Feston. A Blasius anayang'ana pansi, nauza bwanayo m'Chingerezi kuti munthuyu watopa, akupempha kukapuma kumudzi. Bwanayo anavomera mwachifundo.

"Akuti bwanji?" anafunsa a Goliati.

"Akuti wolumala sangagwire ntchito ya boma."

A Goliati anavula chipewa cha umesenjala, nachiika patebulo, natuluka.

Feston analowadi ntchito, koma a Blasius anayamba kulambalala sitoloyo. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Anthu atakolola, a Blasius anapalasa njinga kupita kwa Mposa, kwawo kwa a Goliati, atatsimikiza mtima kukaulula. Anapeza a Goliati pakhonde akusoka mphasa.

"Achimwene, mwandikumbukira," anatero a Goliati akumwetulira. "Tsiku lija ndinaona thukuta lanu pondilankhulira. Munayesetsa. Mzunguyo ndiye wouma mtima."

"Iyayi, achimwene, ine..." A Blasius anaona akazi a mnzawoyo, mayi Elube, akubwera ndi chikho cha thobwa, ndipo mayiwo anagwada kuwapatsira. Analandira thobwalo namwa, osaululanso. Pobwerera a Goliati anawamangirira tambala panjinga.

M'mawa mwake a Blasius anakapempha bwana kuti a Goliati awaganizire. Bwanayo anadabwa. "Si anapempha yekha kupuma? Ndipo malo aja munthu alipo kale."

Patapita zaka a Goliati anamwalira ndi chifuwa. Mayi Elube anatuma uthenga kuti pamaliro alankhule a Blasius, poti ndiwo anaima ndi malemu pa nthawi yovuta. A Blasius anaimirira kumanda, nanena kuti malemuwo anali munthu wokhulupirira anzake. Anakhala pansi msanga.