Kabichi wa Kuseri kwa Chitseko

A Tahiru a ku Dwambazi sankakhulupirira munthu aliyense wogulitsa mbewu. Koma akazi awo, a Safiya, atauzidwa kuchipatala kuti magazi achepa, azidya masamba obiriwira kwambiri, bamboyo anapita kwa Raston, wogulitsa mbewu pamsika, nkhope ili yokwinya.

Raston anawaonetsa mapaketi awiri. Anati uyu ndi kabichi wa mutu wolimba, woyera mkati, wokhalitsa. Winayu ndi wa masamba otayana, obiriwira, wopatsa thanzi koma wosachedwa kufota. A Tahiru anafunsa kuti chinthu chopatsa mphamvu chingamafe msanga bwanji. Raston anangoseka. Iwo anagula onse awiri kuti amugwire bodza.

Dimba analigawa pakati. Kabichi atakhwima anadula mutu umodzi uku, wina uku, n'kuiika pathumba lonyowa kuseri kwa chitseko. Analamula kuti pasapezeke wodya kabichi mpaka iwo aone mapeto ake. M'mawa uliwonse ankagwada pamenepo, kufinya, kununkhiza. Ndi kutentha kwa kuno, wobiriwira uja sanachedwe kulefuka, masamba anachita chikasu, kenako kafungo. Woyera uja anangoti gwa. Anamung'amba pakati kuti aone chomulimbitsa, anapeza masamba othinana, otuwa ngati sanaonepo dzuwa. Zinawadabwitsa ndithu, komabe anagamula kuti mawa akazula wobiriwira yense, poti kabichi wosapirira ndi wa akuba.

A Safiya anali pamkeka, atatsamira khoma chifukwa cha chizungulire.

"Inu bambo a Hamza, kodi wodwala m'nyumba muno ndi chitsekocho? Masiku onsewa chikudya chokha, ine ndikungomva fungo."

"Ndiye ndikudyetseni zowola?"

"Wawola chifukwa munamudula. Kudimbako wawola?"

Kutacha a Tahiru anapita kudimba ndi khasu, n'kupeza wobiriwira uja ali chiimire, masamba ali gwa, mame ali mbuu. Anamuzungulira, kusuzumira kunsi, kufuna chilema. Khasu analiika pansi. Anathyola masamba akunja okhaokha, okwanira ndiwo za tsikulo, mitengo yake n'kuisiya pa mizu.

Ndi mmene akuchitira mpaka pano. A Safiya akatha kudya, bamboyo amawakokera chikope pansi ndi chala, kuona ngati mkati mwayamba kufiira. Amati sakuona kusintha kwenikweni, mwina Raston ananamabe. Koma dzulo mayiwo anapita okha kumjigo, n'kubwera ndi ndowa pamutu.