Bwato Long'ambika la Che Abbas

"Chokapo, Salimu, nkhwangwa ilibe maso," anatero Che Ramadhani, akulavulira m'manja.

Salimu sanasunthe. Anakhala pamsana pa bwato la malemu bambo ake, Che Abbas, limene linali chovundikira kuseri kwa nyumba chiling'ambikire chaka chatha. Mawa linali tsiku la sadaka, anthu abwera kuchokera ku Chitala ndi kuboma, koma nkhuni zophikira mpunga zinali zosakwana. Che Ramadhani, mng'ono wa malemu, nkhuni anaziona m'bwatomo.

"Bambo aang'ono, bwatoli ndilo latilera. Lisapse."

"Ndiye tilidye? Mwini wake tamuika dzana. Nalonso linafa kale."

Salimu anasisita msana wa bwatolo ndi dzanja. Ankangomva chisoni basi. Pakhomo pa Che Abbas chinthu sichinkatayidwa. Ukonde wotha unasanduka mpanda wa nkhuku. Nkhafi yothyoka inali mpiringidzo wa chitseko. Ngakhale wailesi itasiya kuyankhula, anaichotsa matumbo n'kumasungiramo makhadi a chipani kuti asanyowe. Anthu ankawaseka, iwo n'kumaseka nawo, amvekere, "Musataye, tichilingalirenso."

"Akanakhala iwo akanati tililingalirenso," anatero Salimu.

"Mawu a mkulu wanga amenewo, anatitopetsa nawo! Kulingaliranso n'kutani? Si kuganiza kawiri? Ine ndaganiza katatu, ndipo ndi nkhuni."

"Kuganiza kawiri n'kwa munthu wokayika, alamu."

Anali mayi a Salimu, atagwira chipupa, akubwera pang'onopang'ono. Msana unawavuta zaka ziwiri, moti dimba lawo la mpiru analisiya chifukwa kuwerama kunkawaliza.

"Amuna anga ankati kulingaliranso n'kuyang'ana chinthu ngati sunachionepo, n'kuchifunsa chimene chingakhale. Koma ngati nkhuni palibe, dulani. Alendo asadye mpunga wosapsa."

Che Ramadhani anakanda m'mutu. "Tilitembenuze, Salimu. Mkati ndimo mosavuta kuwaza."

Anakankha awiriwo, bwato n'kugudubuka. Abuluzi anabalalika. Pansi pake panagona mphanda zinayi za mtengo wolimba, zosenda bwino, zofanana kutalika. Pamimba pa bwato panali timabowo toboola ndi chitsulo chamoto, tondandalika ngati mabatani a malaya, timene kunja tinali titatsekeka ndi fumbi. Chakumutu kunali chitini chotseka. Salimu atachitsegula anapeza njere za mpiru zokulunga m'kansalu.

"Mabowo m'bwato?" anadabwa Che Ramadhani. "Munthu wa m'nyanja?"

Salimu anayang'ana mabowo, mphanda, njere, kenako msana wa mayi ake. Anaseka, misozi ili m'maso.

"Ndi dimba ili. Mabowowa ngotulutsira madzi. Bambo ankafuna kulikweza pamphandazi, kuthiramo dothi, kuti amayi azilima choimirira."

Mayi aja anagwira pakamwa. "Ndiye n'chifukwa chake! Mwezi watha anandiyeza ndi chingwe kuyambira pansi mpaka m'chiuno. Nditafunsa anati akufuna kundigulira siketi. Ine n'kuwatukwana kuti ndidzaivalira kuti pa ukalamba uno."

Che Ramadhani anayedzeka nkhwangwa kuchipupa. Anatola mphanda imodzi n'kuiimika pambali pa alamu awo. Inawapitirira m'chiuno pang'ono, koma chakumunsi kunali mzere wa khala wosonyeza polekezera kukumba. Anaika chala pamzerewo, nayeza ndi maso. Inafika m'chiuno ndendende.

"Salimu," anatero chapansipansi, "nkhuni ndikapempha kwa owamba nsomba. Iwe tenga khasu."