Makina Odya Anthu a Pakhonde

Dorika anali akuponda makina ake osokera pakhonde la sitolo ya a Zefaniya pomwe mwamuna wake Ackim anatulukira, akuseka mpaka kugwira nthiti. Amachokera kuseri kwa msika wa pa Kaphuka, komwe Rafaelo anali atangotsegula nyumba yoonetsera vidiyo. Chinali chipinda chimodzi, mazenera otseka ndi masaka, jenereta ikutsokomola panja ngati nkhalamba ya fodya.

"Amake Pilira, samalani nacho chinthu chanucho," anatero akuloza makinawo. "Abale ake ku Ulaya ayamba kudya anthu."

Filimu yomwe anaonayo inali ya makina osokera amene anadzuka okha n'kuyamba kuthamangitsa azungu m'nyumba. Akam'gwira munthu amam'soka pakamwa, n'kumuyamwa mpaka pansi kutsala zovala zokha. Chingwe chokokera makinawo chimaoneka bwinobwino, magazi ake anali ngati supu wa matimati, ndipo mzungu wina atafa kale anaoneka akuphethira. Popeza Chizungu chake chimathamanga, Rafaelo amaima pambali n'kumamasulira za m'mutu mwake. Makina akameza munthu, iye amati: "Ndakhuta, koma ndiwonjezera."

Dorika sanaseke. Anangofunsa ngati matabwa a ku phiri, komwe Ackim amacheka, nawonso ayamba kudzicheka okha.

Ntchito inali itamuchulukira. Chisankho cha matipate chinali chitadutsa, zosoka nsalu za zipani zitazilala, koma kunabwera ntchito ya mtundu wina. Anthu amafika mwakachetechete, chovala atachipinda m'jumbo, n'kupempha kuti achichepetse. Matenda aja pawailesi amati Edzi anali atalowa m'midzi, koma pa Kaphuka palibe amawatchula dzina. Munthu akayamba kuonda amathamangira kwa telala kuti thalauza lisamuulule.

Dorika samafunsa. Amayeza chiuno, kulemba ndi choko, kupinda, kusoka. Nsalu yotsala samaidula, amaipindira m'kati, n'kumuuza mwiniwake kuti akanenepa adzabwere adzamasule. Palibe anali atabwerako.

Dorika sukulu adalekezera sitandade sikisi mimba ya Pilira itaonekera, ndipo makinawo adam'siyira ndi azakhali ake. Sopo, mchere, feteleza wa kachewere, mankhwala a mwana akatentha thupi, zonse zimatuluka pansi pa singano imeneyo.

Nthabwala ya Ackim inayenda msika wonse. Azibambo a pa bawo akamuona Dorika amafunsa kuti lero chilombo chadya angati.

"Bwerani mukhale oyamba," amayankha osadzutsa mutu. "Mnofu wanuwo ukungowonongeka ndi kukhala."

Anthu amaseka, iyenso nthawi zina amamwetulira.

Kenaka anamwalira Limbikani, yemwe amayendetsa lole ya kachewere kupita ku Blantyre, mchimwene wa Esitere mnzake wa Dorika. Pamaliropo, azimayi akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, wina anangoti thalauza lomwe am'veka malemuyo linadutsa pa makina a Dorika. Wina anakumbukira diresi la mlamu wake amene anaikidwa mvula isanagwe. Wina anatchula jekete la mphunzitsi uja. Anatchulana mayina mpaka mbale zinatha, ndipo dzina lililonse linali ndi chovala chake chomwe chinachepetsedwa pakhonde la a Zefaniya. Panalibe amene ananama.

Rafaelo ataona kuti filimuyo ikudzaza chipinda, anayamba kuionetsa tsiku lililonse la msika. Pomasulira anasiya kunena kuti makina a azungu, amati makina a pakhonde. Anthu amasekabe mkatimo, koma potuluka amalambalala sitolo ya a Zefaniya.

Lachiwiri lina Esitere anafika, mpango wa maliro ukadali kumutu.

"Ndabwerera nsalu yanga ija, Dorika."

"Ndaidula kale. Atsala manja okha."

"Ndipatse momwemo."

Dorika anachotsa phazi pa chopondera. "Nawenso, Esitere? Tinkakhala benchi imodzi kusukulu. Chingwe chija sunachione?"

"Ndinachiona, ndinasekanso. Koma wamisala anaona nkhondo. Achimwene anabwera pano akuyenda okha."

"Anabwera ataonda kale. Ukuchidziwa chomwe chinawatenga."

Esitere anayang'ana kumsewu, kenaka anatsitsa mawu. "Usachitchule. Alamu atsala ndi khanda kumsana. Ukufuna anthu aziwaloza kuchitsime? Bola anene za makina, makina alibe mwana."

"Makinawa ali ndi mwana," anatero Dorika. "Uyo akusewera apoyo."

Esitere anam'yang'ana Pilira, amene amaunjika tizidutswa ta nsalu pansi pa tebulo. Anatenga diresi lake lopanda manja n'kumapita.

Madzulo ake Dorika anapita kwa Rafaelo kukam'pempha kuti asinthe filimu. Anam'peza akupukuta deki yoonetsera vidiyo ndi malaya ake. Rafaelo anati iye sanalakwire munthu, zimenezi n'zongoseketsa, ndipo ngakhale mwana akuona kuti chinthucho akuchikoka ndi chingwe. Matepi ena omwe anali nawo, a karate ndi a nkhondo, deki idawatafuna.

"Mukuona, mayi, angawanso amadya," anatero akuseka.

Ataona kuti akuseka yekha, analonjeza kuti asiya kunena za pakhonde. Anasiyadi. Koma filimu ikafika pamalo paja, anthu m'chipindamo amanena okha.

Sabata yotsatira palibe anabweretsa ngakhale zipi yoti aikirire. Dorika amafika m'mawa nkhungu isanachoke, kupukuta makina, kuthira oyilo, n'kukhala. Omwe amaonda amapita kwa telala wa ku Mphunzi, ndipo maliro sanachepe. Zimenezo palibe anaziwerenga.

A Zefaniya anamuitanira m'sitolo Loweruka, n'kuyamba ndi kum'funsa za kachewere ndi za mvula.

"Mwana wanga, ine ndine wa mpingo, zimenezi sindizikhulupirira," anatero pomaliza. "Koma ogula shuga akuopa kukwera khonde langa. Takapumira kunyumba kaye, mphepo ikadutsa udzabwerera."

Dorika anathokoza chifukwa cha zaka zonse anakhala pakhondepo. Anamasula mutu wa makina n'kuusenza, Pilira kumsana. Tebulo lake la miyendo yachitsulo ananyamula Ackim. Njira ya kwawo ndi yokwera pang'ono chabe, koma bamboyo, amene amanyamula matabwa aawisi kutsika nawo phiri la Dedza, anatula kangapo. Amati ndi chifuwa cha fumbi la macheka. Chichokere kumsika sanatchule za filimu, ndipo Dorika sanam'kumbutse amene anayamba kuloza makinawo.

Kunyumba anawaika pakona n'kuwafunditsa chitenje. Dorika sanali munthu wokhala n'kumalira. Anaganiza zoti akatha kukumba kachewere adzapite nawo ku boma, akapemphe khonde kwa mmwenye kapena kwa aliyense, kumene kulibe amene anaonera filimu ya Rafaelo. Azidzagona kwa msuweni wake, Pilira n'kumasiyira agogo ake mkati mwa sabata. Anafunsa kale wa ngolo amene akanawafikitsa kumsewu.

Lamulungu m'mawa, akupesa tsitsi la mwana kukonzekera kutchalitchi, Ackim anatuluka kuchipinda atavala kabudula, thalauza lake lakuda lili m'manja. Analiika pampando n'kuyang'ana kudenga.

"Amake Pilira, thalauzali lakula."

Lamba anali akadali m'thalauzamo. Dorika anaona mabowo atsopano oboola ndi msomali, otsatizana mpaka kutali ndi aja a kufakitale. Anam'tuma Pilira kukasewera panja. Anatenga tepi, n'kugwada, n'kuzunguliza chiuno cha mwamuna wake monga amachitira ndi aliyense. Zala zake zinagunda mafupa. Analemba ndi choko, n'kudzuka kukavundukula makina.

"Ayi," anatero Ackim msangamsanga. "Osati pamenepo. Sokani ndi singano ya pamanja."

Anayesa kuseka ngati ndi nthabwala ina, koma kuseka kunathera m'chifuwa. Anatsokomola mpaka kukhala pansi.

Dorika anaima, chitenje chili m'manja. Mawu anali pakamwa, omwe aja iye anamuuza Esitere, onena za chomwe chinam'tenga Limbikani. Anayang'ana mawondo a mwamuna wake, n'kumva Pilira panja akuimbira nkhuku. Za ku boma anadziwa kuti zathera pomwepo, chifukwa wodwala sasiyidwa yekha, ndipo pa Kaphuka palibe akanam'bweretseranso chovala. Anafunditsanso makinawo, n'kupinda chitenje m'mbali kuti fumbi lisalowe.

Anakhala pakhomo pomwe pamawala, thalauza pamiyendo. Ulusi umakana kulowa pa singano. Belu la kutchalitchi linalira, anthu n'kumadutsa panjira akupereka moni, iye n'kumayankha.

"Yotsalayo musadule," anatero Ackim ali m'nyumba. "Ndikanenepa mudzamasule."

"Sindidula," anatero Dorika.

Anaipindira m'kati, n'kuyamba kusoka.