Mphatso ya Anti Maness

Chigwa cha Domasi chonse chinkadziwa kuti sukulu zikatsekera, mpunga utalowa m'matumba, Maness ayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti amubwereke ana awo, akabindikire ndi Mulungu masiku ochepa. Ndiye anali wapampando wa achinyamata pa mpingo wawo, ndipo pampandopo anakhalitsa, moti ena mwa amene ankawatsogolera anabadwa iye akuimba kale kwaya. Anzake a msinkhu wake anatha onse. Wina anakwatiwa ku Liwonde, wina anatsatira mwamuna ku Joni, enawo ankadutsa ndi ana kumsana n'kumupatsa moni wothamanga. Iye anatsala ndi makina ake osokera, m'nyumba mopanda womufunsa kuti waswera bwanji.

Anthu a kutchalitchi satukwana, amakubaya akumwetulira. A Makaiko, mkulu wa mpingo, anamuimitsa tsiku lina potuluka m'mapemphero.

"Chemwali, unyamatatu si ufumu woti munthu n'kufera pompo ayi. Amayi a Mvano akukudikiranitu."

Maness anaseka nawo, koma mumtima munawawa. Ku Mvano, kwa amayi a mabanja, akakamba chiyani iye? Akatha mapemphero, macheza awo ndi a amuna, apongozi ndi chifuwa cha ana. Kwa achinyamata kokha n'kumene kunali anthu omusowa akachedwa. Choncho anatsimikiza mtima kuti tsiku lotsekera msonkhano wa achinyamata wa chaka chino adzalengeza yekha za msonkhano wa chaka chamawa, aone amene angamugwire pakamwa.

Msonkhano unachitikira m'makalasi obwereka a sukulu ina ya pulaimale, m'munsi mwa phiri. Maness anaugwira ngati mwana wake. Kuphunzitsa Baibulo ndi iye, kugawa sopo ndi iye, kuyanjanitsa atsikana olimbirana chidebe ndi iye yemwe. Anawo ankamukonda, zimenezo sitingawanamizire. Koma chikondi chake chinali chaulemu wambiri. Nthawi ya chakudya iwo ankaunjikana pansi pa mtengo wa mango, kulandana ndiwo, pamene iye ankamuikira mpando pakhonde, madzi osamba m'manja pambali. "Anti adyere apa, kuli fumbi uko." Akati ayandikire kumene kukumveka phwete, nkhani inkathera panjira, mafoni n'kulowa m'matumba. Ankabwerera pampando wake, n'kumayang'ana nkhungu ikutsika m'phiri.

Tsiku lotsekera linafika. Mwambo wake Maness unali wothokoza aliyense pomutchula dzina, ndipo chaka chimenechi anathokoza koposa zaka zonse. Anathokoza Everson, amene anakankha njinga yosenza sipika kuchokera ku Malosa tayala litaphwa. Anathokoza Flora, wamanyazi uja, amene anapemphera mokweza koyamba m'moyo wake, ngakhale mawu ankanjenjemera. Anathokoza Lyness chifukwa chosiya ganyu yopeta mpunga n'kubwera. Sanadumphe ngakhale anyamata aja ogona pa ulaliki.

"Mukadapanda kubwera inu, ine bwenzi ndikulalikira madesiki," anatero, misozi ikulengeza. "Ndilibe chokupatsani. Koma dziwani kuti chaka chonse ndimakhalira kudikira masiku amenewa."

Anawo anaomba m'manja mpaka malata kulira. Maness anakoka mpweya kuti anene za chaka chamawa. Asanatsegule pakamwa, Eliya, wachiwiri wake, anaimirira.

"Anti, pepani, musanapitirize. Nafenso tili ndi kathu."

Atsikana awiri anabwera chovina, atanyamula phukusi lokulunga m'nyuzipepala. Anagwada. Maness anamasula. Munali bulauzi yoyera ndi duku loyera, zovala za amayi a Mvano.

"A Makaiko anatitsina khutu kuti mukutisiya, mukupita kwa amayi," anatero Eliya, nkhope ili ngwee. "Ndiye tinati Anti athu asapite chimanjamanja. Tsiku lokuvekani, yunifomu ikhale yochokera kwa ana anu. Mwatilera, Anti. Kapumeni."

Nthungululu zinabuka. Panalibe wachipongwe ngakhale mmodzi, ndipo n'chimene chinapweteka koposa. Akadamunyoza, akadalimbana nawo. Nanga munthu ungakane bwanji mphatso ya ana amene akulira ndi chimwemwe chifukwa cha iwe? Mawu amene anawakonza aja anangowasiya.

"Zikomo," anatero. "Mwasankha nsalu yabwino."

Atatha pemphero lotsekera, Eliya anaombanso m'manja. "Achinyamata nonse tsalani pang'ono, tikambirane za chaka chamawa."

Maness anakhala pansi, monga ankachitira zaka zonse. Zokambirana sizinayambe. Ena anayang'ana kudenga, ena zikhadabo zawo. Kenaka Lyness anasendera chogwada, nanong'ona.

"Amayi, ndikunyamulireni chikwama mpaka pamsewu?"

Apo m'pamene anamvetsa kuti akudikira iye kuti atuluke.

"Iyayi, mwanangu, khala. Ungaphonye zokambirana."

Anaimirira, anapana phukusi lija m'khwapa, natuluka. Asanatsike n'komwe pakhonde, wina anatseka chitseko pang'onopang'ono, kuti chisamveke.