Mulu Wopanda Lupanga

Loweruka lililonse masana, a Telala ankakankhira makina osokera kukhoma n'kuyala makhadi patebulo lodulirapo nsalu. Osewera anali anayi: eni shopuwo, a Nesi, a Jenerale ndi alamu awo a Jeneralewo. Sankapikisana. Aliyense ankabwera ndi mulu wake wa makhadi makumi atatu, onse n'kulimbana ndi Chinjoka chimodzi cha m'bokosi la masewerawo. Kupambana kunali kwa onse, kugonja kwa onse, ngakhale a Jenerale sankasowa womuloza chala.

A Jeneralewo usilikali sanaulowepo. Ankayang'anira alonda atatu pamalo oimika magalimoto, koma dzinalo sanalikane.

Chinjokacho chinali chitawadya kasanu ndi kawiri motsatizana, ndipo a Jenerale anali atalengeza kuti akagonjanso, mpando wa alamu awo upita kwa dokotala wina wa mano, woganiza msanga. Alamuwo analibe kwina kopita Loweruka.

Loweruka lotsatira alamuwo anatulutsa m'jekete mulu watsopano womanga ndi labala. A Jenerale anavala magalasi kuti auyendere.

"Wonyamula katundu. Wonyamula katundu wina. Bulu. Chingwe. Wophika." Anatembenuza mpaka khadi lomaliza. "Alamu, malupanga ali kuti?"

"Mulibe."

"Nanga mfiti yoponya moto ndinakupatsani ija?"

"Ili kunyumba. Ikupuma."

A Telala anatenga bulu uja n'kumuyang'anitsitsa ngati nsalu yosakwana suti.

"Munthuyu watopa nafe," anatero a Jenerale. "Akufuna tigonje, achoke ngati womuthamangitsa, ine ndioneke woipa kwa mlongo wake."

"Mwina apangana ndi dokotala uja," anatero a Nesi. "Tayasamulani, bambo, tione ngati mano awakonza kumene."

Alamuwo sanayasamule. Anasakaniza makhadi awo.

Masewera atayamba, a Jenerale anachita zamasiku onse. Anaimirira n'kuponya asilikali awo onse m'maulendo atatu oyamba, aliyense akumutchula udindo wake. Alamuwo anaika bulu. Ulendo wotsatira anaika chingwe pambali pa buluyo. A Nesi anasendeza mpando kuti aziona manja a alamuwo, a Telala anagwetsa dala choko n'kusuzumira pansi pa tebulo. Pansipo panali nsapato basi.

Pa ulendo wachinayi a Jenerale anakhala pansi. M'manja mwawo munalibe khadi ngakhale limodzi, pomwe Chinjoka chinali chisanafe n'theka lomwe. Apa ndi pomwe ankagonjera sabata iliyonse.

"Nthawi yanu, alamu. Bulu wanuyo achilume."

Alamuwo anaika wonyamula katundu. A Telala anawerenga timalemba ta pansi pa khadilo, timene panalibe anadzivutitsapo kutiwerenga: wonyamula katundu amatola makhadi awiri amene mnzako wataya kale n'kumubwezera m'manja. Akakhala ndi bulu, amatola atatu.

Asilikali atatu anabwerera kwa a Jenerale. Anawalandira mokayika, ngati munthu wopatsidwa phukusi ndi mlendo pa basi, koma anawaponya. Ulendo wotsatira anabwereranso. Wophika anadzutsa woponya mivi wa a Nesi, chingwe chinatulutsa a Telala m'dzenje. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi Chinjoka chinagwa.

A Telala anawerenga mulu wa alamuwo kawiri. Unakwana makumi atatu.

"Monga mwaonera nonse," anatero a Jenerale akupukuta magalasi, "lupanga lomaliza linali langa."

"Taona, bwana," anatero a Nesi.

"Za dokotala tiziimike kaye. Koma alamu, anakuuzani ndani kuti makhadi amandithera pa ulendo wachinayi?"

"Masabata asanu ndi awiri ndakhala moyang'anizana nanu."

A Jenerale anapukusa mutu. Zoti kaseweredwe kawo kangaonekere poyera chonchi sizinawalowe. Nkhaniyi iyenera kuti inachokera m'nyumba mwawo momwe, ndipo anatsimikiza zokawafunsa akazi awo, mlongo wa alamuwo.

"Loweruka mubwere," anatero. "Bulu yemweyo. Koma muzikhala pomwe ndikukuonani."