Tcheni cha Mkamwini Wanga

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala pansi pa mtengo umodzi pamsika wa Kornaka, kukonza njinga zamoto, ndipo pali mawu amene ndawanena mpaka kukhosi kuuma: tcheni sichisinthidwa chokha. Ukagula chatsopano, gulanso masipuloketi onse awiri, magudumu a mano aja amene tcheni chimayendapo, yaing'ono ya kutsogolo ndi yaikulu ya kumbuyo, chifukwa mano akutha amadya tcheni chatsopano mwezi usanathe. Okwera njinga amavomera ndi mutu, "Zoona, Malam Lawali," kenako n'kukagula chonyezimira chija chooneka ngati golide, chimene chili lendelende m'sitolo iliyonse. Pakatha masabata atatu, awo akubwera akukankha. Kukwiya ndinasiya kalekale. Ndimangotola sipanala.

Tcheni chabwino sichikongola. Ndi chakuda, cholemera m'manja, ndipo ukachigwira chammbali sichigooka ngati chingwe. Sipuloketi yabwino ukaikanda ndi tupa, tupayo imangoterereka. Kuno mchenga sugona, ndiye oyilo amafunika pang'ono chabe, koma anthu amathira oyilo wakutha wa m'injini mpaka kudontha, mchenga n'kumatirira, n'kumapera chitsulo tsiku lonse. Zimenezi ndauza aliyense amene anakhalapo pa benchi langa. Munthu mmodzi yekha ndiye sindikanamuuza, ndipo ndi Iliyasu, mwamuna wa mwana wanga Zuwera.

Mkamwini salankhula ndi apongozi ake. Akandiona ndikubwera amavula nsapato, n'kunjuta chapatali, maso pansi, ine n'kuyankha moni ndikuyang'ana kumbali. Ndi ulemu umenewo, ndipo nanenso ndinachita chimodzimodzi kwa bambo a mkazi wanga Habsu mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Choncho njinga yake Iliyasu ankakakonzetsa kwa makaniko wina kuseri kwa msika wa mapira, munthu amene tcheni chikatambasuka amangodulako mfundo ziwiri n'kunena kuti zatheka.

Kwawo kwa Iliyasu ndi ku Gidan Tanko, makilomita makumi anayi kuchokera pano, njira ya mchenga yokhayokha ndi makwawa atatu. Zuwera anali ndi pakati poyamba, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Mwana woyamba amakabadwira kwa amayi a mkazi, ndiye mwezi wotsatirawo Iliyasu anayenera kumubweretsa kwathu. Pamudzipo panalibe njinga ina, poti amuna ambiri anali atapita kumigodi ya golide kumpoto. Mwana wanga ndi mdzukulu wanga akanabwera pa njinga imeneyo basi.

Ndinaiona Lachisanu lina itaimikidwa pafupi ndi tebulo la Shaibu, wogulitsa tiyi, mnzanga wa chibwana amene pakamwa pake sipatsekeka. Tcheni chinali chatsopano, chagolide, chikuwala mbee. Ndinagwada. Mano a sipuloketi ya kumbuyo anali atapindika ngati minga ya mthethe, ena atasongoka ngati singano. Nditakoka tcheni ndi zala ziwiri, chinanyamuka mpaka ndinaona kuwala pansi pake. Mtima wanga unangoti zii.

"Ukuifunsira mbeta njingayo?" anatero Shaibu. "Dzuka nkhalamba iwe, mwini wake angakupeze utagwada, dziko lingatembenuke."

Ndinamupempha kuti akamuuze mnyamatayo, ngati maganizo ake a iye mwini, kuti asinthe zonse zitatu asanamukweze Zuwera. Shaibu anamuuzadi, koma mwa chikhalidwe chake, pamaso pa anthu, akuthira tiyi. Madzulo anandibweretsera yankho.

"Akuti zikomo kwambiri, koma tcheni n'chatsopano, angogula dzana. Akutinso kodi ine ndinayamba liti umakaniko, poti ngakhale ketulo yanga imadontha."

"Sunamuuze za mano?"

"Ndamuuza. Akuti mano akewo ndi ambiri kuposa anga."

Sindinaseke. Sabata yonseyo ndinkadya osamva kukoma. Habsu anati ndingomuitana mwanayo ndimuuze, dziko silingathe. Koma ndikanamuyamba bwanji? Mnyamata akanachita manyazi mpaka osapondanso pamsika, ndipo anthu akanati Lawali wanyoza mkamwini wake kuti sangathe kusamala mkazi. Kugula zitsulo zabwino pano sikukanatheka. Zoterozo zimachokera ku Maradi, ukachita kutuma woyendetsa lole, ndipo amabwera nazo akakumbuka. Zabwino zokhazo m'tauni yonse zinali pa njinga yanga, yofanana ndi yakeyo. Ndinali nditaziika miyezi iwiri yapitayo.

Lachisanu lotsatira anthu atalowa mumzikiti, ine ndinatsala. Chikhalire sindinajombepo pemphero la Lachisanu, koma tsiku limenelo ndinakankhira njinga ya mkamwini wanga kuseri kwa mtengo ngati wakuba. Ulaliki ukumveka pa chimkuzamawu, ine ndili kalikiliki kumasula. Ndinachotsa zake zonse zitatu, n'kuika zanga, n'kulimbitsa, n'kupukuta zala zanga pa thanki. Pamene anthu ankatuluka, njinga inali pamalo pake, ine ndili pa benchi.

Iliyasu anafika, n'kuima. Anayang'ana tcheni chakudacho nthawi yaitali. Kenako anayang'ana njinga yanga, pamene chagolide chake chinali kuwala. Anavula nsapato, n'kunjuta komweko kutali, ndipo anakhala chonjuta nthawi yoposa ya moni. Ine ndinkayang'ana mbuzi za eni ake. Atanyamuka ndinamvetsera kulira kwa njingayo mpaka inazimiririka, ndipo inkayenda mwa myaa. Ndinadziona ngati munthu wanzeru kwambiri.

Zakezo ndinali nditaziika pa njinga yanga kuti ndizingoyendera pakati pa nyumba ndi msika, podikira wa lole.

Patapita masiku khumi ndi awiri, m'mawa ndikutsegula bokosi la zitsulo, foni inalira. Anali mayi wina woyandikana nyumba ndi Zuwera, atakwera pachulu pamene pamagwira foni. Anati matenda amuyamba Zuwera nthawi isanakwane, akutaya magazi, ndipo Iliyasu kulibe, anapita kumpoto masiku anayi apitawo. Anafunsa ngati amukweze pa ngolo ya bulu kupita ku kachipatala kamene kali pakati pa njira.

Apa ndiye pamene ndimabwerera tsiku lililonse. Ndinati ayi. Ndinati ngolo imuvulaza ndipo itenga maola atatu, adikire, ine ndifika ola limodzi lisanathe. Linali tsiku la msika kutauni ina, okwera njinga onse atapita kumeneko m'bandakucha. Ndikanatha kuthamanga khomo ndi khomo kubwereka. Koma ndinadziuza kuti ndine makaniko, tcheni ndichinyengerera. Ndinaponya sipanala ndi pulayala m'thumba, n'kuuza Habsu kuti akonze m'nyumba.

Chinagwa koyamba ndisanathe makilomita asanu. Ndinachibwezera, n'kukokera gudumu kumbuyo. Pakhwawa loyamba, pamene mchenga umafuna mphamvu, chinalumpha mano, kr-r-r, n'kugwanso. Ndinayamba kuyenda ngati ndanyamula mazira, koma mumchenga ukayenda pang'onopang'ono umatitimira, ukakoka moto tcheni chimalumpha. Ndinatsika n'kumakankha injini ikulira. Dzuwa linakwera. Chitsulo chinatentha mpaka zala zinatuluka matuza, ndipo kachisanu ndi chimodzi ndinasiya kuwerenga. Ndinayesa kuimba foni kuti anyamuke ndi ngolo, koma kumeneko foni simagwira pokhapokha munthu akwere pachulu, ndipo onse anali m'nyumba ndi Zuwera, akudikira ine monga ndinawauzira.

Sindinapemphere zambiri. Ndinkangotukwana chitsulo, kenako ndinalibenso mphamvu zotukwanira. Pakhwawa lachitatu dzino limodzi linathyoka, tcheni n'kuduka, n'kukagwa mumchenga ngati njoka yakufa. Ndinalumikiza, chinadukanso pena. Ndinaigoneka njinga pansi pa chitsamba n'kuyamba kuyenda wapansi. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi sathamanga mumchenga, amangodzinamiza.

Ndinalowa m'mudzi dzuwa litapendeka. Amayi a m'mudzimo anali atatopa kudikira, akumangirira bulu. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga kufuna njinga. Tinamugoneka Zuwera pamphasa m'ngolo, mayi uja atamupakata mutu, ine ndikuyenda pambali. Milomo yake inali itayera. Ananditambasulira dzanja, ndipo nditaligwira ndinalidetsa ndi oyilo.

"Baba, mwabwera wapansi?"

"Njinga yandivuta pang'ono, mwana wanga. Usalankhule."

Koma analankhula, mwina pofuna kuti ndisamuweruze mwamuna wake. "Musawakwiyire. Chaka chonse anzawo ankawaitana kuti azikanyamula madzi kumigodi, iwo ankakana, ankati njinga singafike. Ndiye Lachisanu lija anabwera kuchokera kumsika akusangalala, akuti tsopano ikhoza kupita kulikonse. Anati sabata imodzi yokha, apeze nkhosa ya tsiku lotcha mwana dzina, abwere adzandiperekeze kwanu."

Bulu ankayenda mwa ubulu wake, ndipo ine ndinkangoponya mwendo patsogolo pa unzake.

Azamba a pa kachipatala kaja anagwira ntchito yawo, ndipo Zuwera anapulumuka. Mwana anali wamwamuna. Sanalire. Mzamba wamkulu anandifunsa kuti matenda anayamba nthawi yanji, ndipo nditamuuza anangotseka buku lake. Sindinamufunse ngati maola amenewo akanasintha kanthu. Ndinkaopa yankho lililonse.

Iliyasu anafika patapita masiku atatu, nkhosa yoyera ataimangirira kumbuyo. Anali atamva kale panjira. Anaimika njinga pakhomo pathu, n'kuvula nsapato, n'kunjuta pafupi ndi mpanda, mapewa akugwedezeka. Ndinkafuna kumuuza kuti mlanduwu si wake yekha, kuti ine ndi amene ndinaletsa ngolo. Mwina nayenso anali ndi mawu ake. Ndinayankha moni ndikuyang'ana kumbali, ndipo maso anga, mwa chizolowezi cha ntchito, anakagwera pa gudumu la kumbuyo. Makilomita onse aja, kupita ndi kubwera, atasenza zigubu za madzi, tcheni chinali chisanatambasuke ngakhale pang'ono.

Papita zaka ziwiri. Zuwera ali bwino, koma sanaimenso. Wa lole anabweretsa zitsulo zanga patatha mwezi, ndipo ndikadali pansi pa mtengo womwewu, kuuza anthu kuti tcheni sichisinthidwa chokha, iwo n'kumavomera ndi mutu. Lachisanu lililonse Iliyasu amaimika njinga yake kwa Shaibu, ndipo Shaibu, amene amaseka chilichonse, za njinga imeneyo sanenapo kanthu. Ndikamapita kumzikiti ndimadutsa pomwepo. Tcheni ndi chomwe chija, chakuda, chopukutidwa bwino, oyilo pang'ono chabe monga ndimanenera. Mano onse ali chilili. Ndinasankha bwino, ndipo chikuoneka kuti chikhala zaka zinanso.